Kupima cifuwa ca TB ndi dontho la magazi: zimene akatswiri apeza kufikira tsopano

Kwa zaka zoposa 140, njira yaikulu yodziwira ngati munthu ali ndi cifuwa cacikulu ca TB yakhala kupima makhololo. Wodwala amapatsidwa kabotolo, natuluka panja kukatsokomola, ndipo anchito a mu labotale amafunafuna kalombo ka matendawa m'zimene walavula.

Koma alipo odwala ambiri amene satha kutulutsa makhololo. Ena ndi makanda, ena ndi akulu amene afooka kwambiri, ndipo ena TB yao sili m'mapapo ai koma m'msana, m'mimba kapena m'bongo. Kamba ka anthu otere, akatswiri a za umoyo m'maiko osiyanasiyana akhala akufufuza njira yopimira TB m'magazi, poona mmene majini a munthu akugwirira nchito pamene thupi lace likulimbana ndi matenda.

Njirayi yayesedwa kale pa anthu zikwi zambiri, ambiri mwa iwo a muno mu Africa. Yaonetsa mphamvu zace, yaonetsanso pamene imalephera, ndipo pofika mu 2025 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linali lisanaibvomereze kuti izigwiritsidwa nchito m'zipatala.

Bvuto la makhololo

Kalombo koyambitsa TB kanadziwika pa 24 Malichi 1882, pamene dotolo wa ku Germany, a Robert Koch, analengeza mu mzinda wa Berlin kuti akaona ndi maikulosikopu. Ndico cifukwa cace tsiku la 24 Malichi limakumbukiridwa caka ndi caka monga tsiku la TB pa dziko lonse. Njira yopaka utoto pa makhololo ndi kuwayang'ana pa galasi inayamba m'zaka zomwezo, ndipo ikali kugwiritsidwa nchito m'makiliniki ambiri.

Njirayi ndi yochipa, koma diso limaona tizilombo pokhapokha titaculuka, kuyambira 5,000 kufika 10,000 m'mililita imodzi ya makhololo. Motero imaphonya pafupifupi theka la odwala. Njira ina ndiyo kubzala makhololo mu labotale kuti tizilombo timere, koma kalombo ka TB kamaswana pang'onopang'ono, ndipo yankho limatenga masabata awiri kufika asanu ndi atatu.

Zinthu zinasintha mu Disembala 2010, pamene WHO inabvomereza makina a GeneXpert, opangidwa ndi kampani ya Cepheid ya ku California. Makinawa amapeza DNA ya kalombo m'maora awiri, nanenanso ngati kalomboko sikakumva mankhwala a rifampicin. Lero makinawa alipo m'zipatala zambiri za boma muno mu Zambia. Komabe naonso amafuna kuti kalombo kakhalemo m'cimene akupima. Ngati m'kabotolo muli malovu okha, makina sangapeze kanthu.

Zotsatira za kusapezeka kwa matendawa zinaonekera poyera pa cipatala cacikulu ca UTH mu Lusaka. Mu 2002, Profesa Chifumbe Chintu ndi anzao anafalitsa zimene anapeza atapima mitembo ya ana 264 amene anamwalira ndi matenda a m'cifuwa. Mwana mmodzi mwa ana asanu alionse anali ndi TB. Mu 2015 kunatuluka kafukufuku wina wa pa cipatala comweco, wa mitembo ya akulu 125 amene anamwalira ali m'mawodi. Anthu 78 anapezeka ndi TB, ndipo 20 mwa iwo anafa matendawo asanadziwike. Anthu amenewa sanafere kumudzi kutali ndi thandizo. Anafera pa bedi la cipatala cacikulu koposa m'dziko, madotolo ali pomwepo.

Kafukufuku wa dziko lonse la Zambia amene anacitika mu 2013 ndi 2014 anapeza kuti pa anthu 100,000 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo, 638 anali ndi TB ya m'mapapo yotsimikizika, ndipo ziwerengero zinali zokwera kwambiri ku Copperbelt ndi mu Lusaka. Pa dziko lonse lapansi, WHO inanena kuti mu 2023 anthu 10.8 miliyoni anadwala TB, koma amene anapimidwa ndi kulembedwa m'mabuku a zipatala anali 8.2 miliyoni cabe. Caka comweco anthu 1.25 miliyoni anamwalira nayo.

Kodi majini amalankhula bwanji m'magazi?

Majini amene akunenedwa pano si mizimu ija ena amaichula ndi dzina lomweli. Ndi malangizo olembedwa m'kati mwa maselo, timagawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi. Munthu ali ndi majini pafupifupi 20,000, ndipo onse amasungidwa m'cinthu cochedwa DNA.

Tingayerekeze DNA ndi buku la malamulo limene limakhala ku nyumba ya mfumu ndipo silituluka. Pakagwa nkhani, mfumu situmiza buku lonse, koma imatuma akapaso ndi uthenga wa lamulo limene likufunika tsiku limenelo. M'thupi, akapasowo ndi RNA. Jini ikayamba kugwira nchito, selo limapanga timakope ta RNA tambiri tonyamula uthenga wace. Ikaleka, timakopeto timacepa.

Munthu akadwala, maselo oyera a m'magazi, amene ndiwo asilikali a thupi, amadzutsa majini ena nagoneka ena. Makina a masiku ano angathe kuwerenga kuti ndi uthenga uti umene waculuka ndi uti umene wacepa. Ngati kaculukidwe kameneka kafanana mwa odwala TB ambiri, ndipo kasiyana ndi ka anthu abwinobwino kapena odwala matenda ena, ndiye kuti kangakhale cizindikiro ca TB.

Apa m'pofunika kumvetsa bwino zinthu ziwiri. Coyamba, kupima kumeneku sikuyang'ana zimene munthu anatengera kwa makolo ace, ndipo sikutanthauza kuti TB ndi nthenda ya kumtundu. TB imafala mu mpweya pamene wodwala atsokomola, ndipo ikagwira anthu angapo a banja limodzi kawirikawiri n'cifukwa cakuti amagona nyumba imodzi. DNA ya munthu imakhala imodzimodzi ali bwino kapena akudwala. Cimene cimasintha ndi uthenga umene ukutumizidwa.

Caciwiri, njirayi siona kalombo ka TB. Imamvetsera thupi. Zili ngati munthu amene ali m'nyumba usiku namva agalu a m'mudzi akuuwa. Wakuba sanamuone, koma wadziwa kuti kunja kuli cinthu. Ubwino wace ngwakuti agalu amauwa ngakhale wakubayo atabisala kuseri kwa nkhokwe, ndiko kunena kuti magazi angaonetse cizindikiro ngakhale TB ili m'fupa kapena m'mimba. Kuipa kwace ngwakuti agalu amauwanso fisi, mlendo, ngakhale mbuzi yosokera.

Si kupima magazi kulikonse

Panali kale njira zina zopimira TB popanda makhololo, ndipo anthu amazisokoneza ndi yatsopanoyi. Pali kubaya mankhwala pansi pa khungu la mkono ndi kuona ngati patupa patapita masiku awiri kapena atatu. Palinso kupima magazi kochedwa IGRA. Njira ziwirizi zimangonena kuti thupi linakumanapo ndi kalombo ka TB. WHO imati pafupifupi munthu mmodzi mwa anai alionse pa dziko lapansi anatengapo kalomboka, koma mwa anthu 100 otere, asanu kufika khumi okha ndiwo amadzadwala pa moyo wao. M'makomboni a Lusaka kapena Kitwe, kumene akulu ambiri anakumanapo nako, yankho lotere silisiyanitsa wodwala ndi wosadwala.

Kunalinso tizipangizo togulitsidwa m'zipatala zolipira, makamaka ku India, tonena kuti timapeza TB poona citetezo ca m'madzi a magazi. Mu Julayi 2011, WHO inacenjeza maiko onse kuti aleke kutigwiritsa nchito cifukwa tinali kunama mbali zonse ziwiri: kuuza odwala kuti ali bwino ndi kuuza abwinobwino kuti akudwala. Dziko la India linatiletsa mu 2012. Mbiri imeneyi ndi cimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri safulumira kubvomereza njira yatsopano ya magazi.

Kucokera pa majini 393 kufika pa atatu

Nchito imene inatsegula njira inafalitsidwa mu 2010 ndi gulu la Profesa Anne O'Garra la ku London. Iwo anapima magazi a odwala a ku London ndi ku Cape Town, napeza mauthenga 393 a RNA amene kaculukidwe kao kanali kosiyana mwa odwala TB. Ambiri mwa mauthengawa anali ocokera ku majini amene amadzutsidwa ndi interferon, mankhwala acilengedwe amene maselo amatulutsa pocenjezana za mdani. Anapezanso kuti cizindikiroco cinali camphamvu mwa anthu amene X-ray inaonetsa kuti mapapo ao aonongeka kwambiri, ndipo cinayamba kuzilala odwalawo atamwa mankhwala kwa miyezi iwiri.

Funso linali lakuti, kodi zimenezi zingagwire nchito kumene kalombo ka HIV n'kofala, ndiponso kumene wodwala wotsokomola angakhale ndi cibayo, malungo kapena matenda ena? Yankho linacokera kwa anansi athu. Mu 2013, ofufuza a ku Imperial College London pamodzi ndi anzao a ku Karonga, kumpoto kwa Malawi, ndi a ku Cape Town anaonetsa kuti mauthenga 44 anali okwanira kusiyanitsa TB ndi matenda ena mwa akulu, kaya ali ndi HIV kaya alibe. Caka cotsatira, gulu lomwelo linafalitsa za ana a ku South Africa, Malawi ndi Kenya. Ndi mauthenga 51, anatha kupeza ana pafupifupi 83 mwa 100 alionse amene TB yao inali yotsimikizika.

Koma makina owerenga mauthenga makumi anai kapena asanu ndi a m'mayunivesite, osati a ku kiliniki ya kumudzi. Conco mpikisano unakhala wocepetsa ciwerengero. Mu 2016, gulu la a Purvesh Khatri pa Stanford University ku America linasonkhanitsa zotsatira za magazi oposa 2,500 ocokera m'maiko khumi, zimene ena anali atafalitsa kale, ndi kuzisanthula pa kompyuta. Linapeza kuti majini atatu okha, ochedwa GBP5, DUSP3 ndi KLF2, anali kunena pafupifupi zonse zimene mazana aja anali kunena. Mwa wodwala TB, awiri oyambawo amakwera ndipo wacitatuyo amatsika. Caka comweco ofufuza a ku University College London anaonetsa kuti ngakhale jini imodzi, yochedwa BATF2, ingasiyanitse wodwala TB ndi munthu wabwinobwino.

Kodi magazi anganeneretu za amene adzadwala?

Mbali imene inapatsa anthu ciyembekezo cacikulu inali yoneneratu. TB siigwa mwadzidzidzi ngati mphezi. Imayamba pang'onopang'ono, ndipo munthu angakhale nayo miyezi yambiri osatsokomola, osaonda, osatuluka thukuta usiku. Kafukufuku wa m'maiko ambiri a mu Africa ndi Asia waonetsa kuti pafupifupi theka la anthu opezeka ndi TB pofufuza khomo ndi khomo sanena kuti akumva cizindikiro ciliconse. Ena mwa iwo angakhale akupatsira anzao.

Ku Worcester, tauni ya kufupi ndi Cape Town, bungwe lofufuza za katemera wa TB la SATVI linatsatira acinyamata 6,363 a zaka 12 kufika 18 kwa zaka ziwiri, likuwatenga magazi nthawi ndi nthawi ndi kuwasunga. Pamene ena mwa iwo anadwala, ofufuza anabwerera ku magazi amene anatengedwa anawo ali bwino. Poyerekeza magazi a acinyamata 46 amene anadzadwala ndi a anzao amene sanadwale, anapeza majini 16 amene anali atayamba kale kukwera. Zotsatirazo zinafalitsidwa mu 2016. M'miyezi 12 matenda asanadziwike, cizindikiroco cinali kupeza anthu 66 mwa 100 odzadwala. Pambuyo pace majiniwo anacepetsedwa kufika pa 11, ndipo njirayo inachedwa RISK11.

Ganizo linali losabvuta kumva. Ngati tingadziwe amene ali pafupi kudwala, tiwapatse mankhwala ochinjiriza iwo okhawo, m'malo mopatsa mamiliyoni amene sadzadwala konse. Ganizoli linayesedwa m'kafukufuku wamkulu wochedwa CORTIS, m'madera asanu a ku South Africa, wotsogoleredwa ndi Profesa Thomas Scriba ndi Profesa Mark Hatherill. Anthu oposa 20,000 anafunsidwa, ndipo 2,923 opanda HIV, a zaka 18 kufika 59, analowa m'kafukufukuyo natsatiridwa kwa miyezi 15. Mwa amene magazi ao anaonetsa cizindikiro, ena anapatsidwa mankhwala a isoniazid ndi rifapentine kamodzi pa sabata kwa miyezi itatu, ena sanapatsidwe.

Zotsatira zinatuluka mu 2021 ndipo zinakhumudwitsa ambiri. Njira ya RISK11 inapeza bwino anthu amene anali kale ndi TB yokhala ndi zizindikiro, koma inafooka pa amene anali ndi TB yosaonetsa zizindikiro, omwe ndiwo anali ambiri. Inaneneratu bwino za odzadwala m'miyezi yocepa yoyambirira, koma mphamvu yace inatsika nthawi ikamapita. Ndipo cacikulu koposa, amene anamwa mankhwala ochinjiriza anadwala TB mofanana ndi amene sanamwe.

Zimenezi zinagwirizana ndi zimene ofufuza a ku London anapeza mu 2020 atayerekeza njira 17 zosiyanasiyana. Zisanu ndi zitatu mwa izo zinali kucita bwino mofanana, ndipo zonse zinali kuona patali miyezi itatu kufika isanu ndi umodzi cabe, pamene WHO imafuna njira yoona zaka ziwiri kutsogolo. Kunena zoona, magazi saneneratu za m'tsogolo. Amangomva matenda amene ayamba kale mwakacetecete, munthu mwini asanawamve.

Dontho la pa cala

Pamene nkhani yoneneratu inali kubwerera m'mbuyo, yopima odwala amene afika kale ku cipatala inali kupita patsogolo. Kampani ya Cepheid inaika majini atatu aja m'kabokosi kofanana ndi kamene kamagwiritsidwa nchito pa makhololo. Namwino amabaya cala monga mmene amacitira popima malungo kapena HIV, naika madontho a magazi m'kabokosiko, ndipo makina a GeneXpert amapereka yankho pasanathe ora limodzi. Izi zinathetsa bvuto lina lalikulu, pakuti RNA imaonongeka msanga, ndipo kale magazi anali kufunika mabotolo apadera ndi mafiriji ozizira kwambiri.

Njira yotere cholinga cace si kugamula kuti munthu ali ndi TB. Ndi sefa, yopatula amene ayenera kupimidwa mozama ndi amene angafufuzidwe matenda ena. Mu 2014, WHO inaika muyezo wa sefa yotere: pa odwala TB 100 igwire osacepera 90, ndipo pa anthu 100 opanda TB imasule osacepera 70.

Zotsatira zoyamba, zofalitsidwa mu 2022 kucokera ku Gambia, Uganda, South Africa ndi Vietnam, zinali zosangalatsa: kabokosiko kanagwira odwala 87 mwa 100 ndi kumasula abwino 94 mwa 100. Koma anthu opimidwa anali ocepa. Kafukufuku wokulirapo wa mu 2024, wa akulu pafupifupi 1,500 otsokomola a ku Vietnam, India, Philippines, Uganda ndi South Africa, anaonetsa kuti pogwira odwala 90 mwa 100, kanali kumasula abwino 63 okha. Kanatsala pang'ono kufika pa muyezo, koma sikanafike.

Kuti ziwerengerozi zimveke, tiyerekeze kiliniki imene yalandira anthu otsokomola 1,000, ndipo 100 mwa iwo ali ndi TB. Sefa yotere ingagwire odwala 90 ndi kuphonya khumi. Mwa 900 opanda TB, ingakaikire 333 pacabe ndi kumasula 567. Ndiye kuti m'malo mopima makhololo a anthu 1,000, kiliniki ingapime a anthu 423. Nchito yacepa ndi theka, ndipo ndalama zasungika. Koma anthu khumi aja abwerera kwao ndi TB atauzidwa kuti magazi ao ali bwino. Apa ndi pamene akatswiri amasiyana maganizo, ndipo onse ali ndi mfundo.

Kwa ana, amene ndiwo akusowa kwambiri njira yatsopano, zotsatira n'zocepera pamenepo. Kafukufuku wochedwa RaPaed-TB anapima ana osafika zaka 15 ku South Africa, Mozambique, Malawi, Tanzania ndi India. Pamene muyezo unaikidwa kuti ana 90 mwa 100 opanda TB amasulidwe, kabokosiko kanagwira pafupifupi 60 mwa ana 100 amene TB yao inali yotsimikizika. Ngakhale n'conco, ofufuza anaona kuti kanali kothandiza pa TB yoopsa, monga ya m'bongo, imene kucedwa kwa masiku ocepa kungaphe mwana kapena kumulemaza.

Cifukwa ciyani imasokonezeka?

Tibwerere kwa agalu aja. Majini ambiri amene ali m'zizindikirozi amadzutsidwa ndi interferon, ndipo interferon ndi mfuu imene thupi limakuwa makamaka likagwidwa ndi mavailasi. Ofufuza a SATVI anapeza kuti anthu amene anali ndi mavailasi a cimfine m'mphuno ndi kukhosi anali ndi cizindikiro cokwera ca RISK11 ngakhale analibe TB, ndipo mwa ambiri cinatsika cokha patapita miyezi. Kalombo ka HIV nako, makamaka mwa munthu amene sanayambe kumwa ma ARV kapena amene kalombo kaculuka m'magazi mwace, kamakweza majini omwewo. Nthenda ina ya m'mapapo yochedwa sarcoidosis imaonetsa cizindikiro cofanana kwambiri ndi ca TB.

Kwa dziko ngati Zambia imeneyi si nkhani yaing'ono. Anthu okhala ndi HIV ndiwo ali pa ngozi yaikulu ya TB, ndiwonso amene makhololo ao kawirikawiri sakhala ndi tizilombo tambiri. Njira ya magazi ikufunika koposa kwa iwo, komanso ndi mwa iwo mmene imakaikira anthu ambiri pacabe.

Palinso cimene njirayi singacite ngakhale itakonzedwa bwino motani. Popeza siona kalombo, singanene ngati kalomboko kakumva mankhwala kapena ai. Wodwala TB yosamva mankhwala amafunika mankhwala ena, ndipo kuti adziwike payenera kupezeka kalombo kenikeni.

Ndiye pali mtengo. WHO inati sefa yabwino isapitirire madola awiri a ku America pa munthu mmodzi. Kabokosi ka GeneXpert kopimira makhololo kanali pa madola 9.98 kuyambira mu 2012, ndipo kanatsitsidwa kufika pa 7.97 mu 2023. Ngati sefa ili pa mtengo wofanana ndi kupima kwenikweni, phindu lace limacepa. Makinawo amafunanso magetsi odalirika, cinthu cimene makiliniki ambiri anacisowa mu 2024 pamene cilala cinaphwetsa madzi ku Kariba. Komanso pali wopikisana nayo wochipa kwambiri: kupima CRP, puloteni imene imaculuka m'magazi thupi likatupa m'kati. Nayo imapimidwa ndi dontho la pa cala m'mphindi zocepa, ndipo WHO inaibvomereza mu 2021 monga sefa ya TB kwa akulu okhala ndi HIV. Njira ya majini iyenera kuonetsa kuti ikuposa CRP mokwanira kuti boma liwonjezere ndalama.

Kumene ofufuza akuyang'ana tsopano

Ena aganiza zofunafuna kalombo komweko m'magazi. Tizilombo ta TB tikafa m'thupi, tizidutswa ta DNA yao timalowa m'magazi, ngakhale kuti timakhala tocepa kwambiri. Mu 2022, gulu la Profesa Tony Hu la ku Tulane University linaonetsa kuti ndi luso lochedwa CRISPR n'kotheka kutipeza, ndipo anayesa pa magazi a odwala a ku Eswatini ndi a ana okhala ndi HIV a ku Kenya. Njira imeneyi ikali m'malabotale.

Ena akuona kuti nchito yeniyeni ya majini a m'magazi ingakhale yotsatira wodwala amene ali pa mankhwala. Popeza cizindikiro cimatsika mankhwala akamagwira nchito, cingathandize kudziwa amene akucira bwino ndi amene matenda angamubwerere. Lero pafupifupi wodwala aliyense wamkulu amamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi, ngakhale kuti ena angacire msanga ndipo ena angafunike nthawi yaitali. Dotolo alibe copimira cosabvuta comuuza kuti uyu ndi uti.

Zimene zilipo pakali pano

Amene sangathe kutulutsa makhololo sanasiyidwe opanda thandizo. Kwa ana, WHO inabvomereza kupima cimbudzi ndi makina a GeneXpert, pakuti mwana amameza makhololo ace ndipo tizilombo timatulukira kumeneko. Kwa odwala kwambiri okhala ndi HIV, kuyambira mu 2015 pali kapepala kopimira mkodzo kochedwa LAM, kamene kamapereka yankho pa bedi pomwepo pasanathe theka la ora. Palinso X-ray ya m'cifuwa, imene masiku ano ingawerengedwe ndi kompyuta kumene kulibe dotolo wodziwa kuiwerenga. Ofufuza ayesanso kupukuta lilime ndi kathonje m'malo mwa makhololo.

Ngati wina akugulitsa kupima magazi nanena kuti kokhako kungatsimikize kuti munthu ali ndi TB ya m'mapapo kapena alibe, omvera adziwe kuti pofika mu 2025 panalibe njira yotere imene WHO inabvomereza. Munthu amene watsokomola kwa masabata awiri, amene akuonda popanda cifukwa, kutentha thupi kapena kutuluka thukuta usiku, ayenera kupita ku kiliniki yapafupi. Wokhala ndi HIV, ndiponso mwana amene akukhala nyumba imodzi ndi wodwala TB, asadikire kuti masabata awiri akwane. Kupima ndi mankhwala a TB m'zipatala za boma muno mu Zambia n'zaulere.